MASHINGOZI NDI UBONGO: ZIMENE MAKINA OJAMBULA AONETSA

Nthenda ya mashingozi njodziwika bwino m'midzi. Munthu amayamba kumva kuotcha kapena kulasa mbali imodzi ya thupi, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu pamalo pomwepo pamatuluka matuza aang'ono okhala m'magulumagulu, ondandalika ngati lamba. Matuzawo amauma pa masiku 7 kufikira 10, ndipo pakutha pa masabata awiri kapena anai khungu limapola, kutsala zipsera zokha. Apo anthu amati nthenda yatha, naiwala.

Kwa odwala ambiri nthenda imathadi pomwepo. Koma kwa ena owerengeka kachirombo kamene kanatulutsa matuza kamapitirira ulendo wake m'kati mwa thupi, nikafika ku ubongo patapita masabata kapena miyezi. Pamenepo munthu angathe kufa ziwalo, kusokonezeka mutu, ngakhale kumwalira kumene. Abale ake sakumbukiranso matuza aja, ndipo ena amayamba kufunafuna amene wamlodza. Phunziro la mwezi uno lifotokoza njira imene kachiromboka kayendamo, zizindikiro zake, zimene makina ojambula m'mutu aonetsa, ndiponso chifukwa chake mau a wodwala ndi a abale ake ali ofunika pamodzi ndi chithunzicho.

Kachirombo kamodzi, nthenda ziwiri

Mashingozi sagwira munthu kuchokera kunja monga chimfine. Kachirombo kake ndi komwe kaja kamene kadwalitsa ana katsabola, ndipo m'mabuku a madokotala dzina lake ndi varicella zoster. Mwana akachira katsabola, kachiromboka sikachoka m'thupi iai. Kamachoka pakhungu nikakabisala m'timfundo ta mitsempha timene tandandalika mbali zonse ziwiri za msana ndi m'tsinde mwa chigaza. M'menemo kamagona zaka zambiri osachita kanthu, pakuti chitetezo cha m'thupi chimakatsekereza. Chitetezo chikafooka, kamadzuka nikatsata mtsempha umodzi kufikira pakhungu. Ndicho chifukwa chake matuza a mashingozi amakhala mbali imodzi yokha, osaoloka pakati pa msana kapena pakati pa chifuwa.

Nzeru imeneyi sinadziwike tsiku limodzi. Mu 1888 dokotala wa ana wa ku Budapest, János Bókay, anaona kuti ana okhala pafupi ndi munthu wa mashingozi amadwala katsabola. Mu 1900 Henry Head ndi Alfred Campbell, akugwira ntchito ku England, anapima mitembo ya anthu amene anadwalapo mashingozi, napeza kuti kamfundo ka mtsempha wopita pamalo pamene panali matuza kanali koonongeka. Mu 1953 Thomas Weller wa ku Boston anatha kukaweta kachiromboka m'timabotolo. Ndipo mu 1965 Edgar Hope-Simpson, dokotala wa m'tauni yaing'ono ya Cirencester ku England, atalemba m'buku odwala 192 pa zaka 16, anasonyeza kuti nthendayi ichuluka pamene munthu alikukalamba, nafotokoza kuti chifukwa chake ndicho kufooka kwa chitetezo.

Amene agwidwa kawirikawiri ndiwo anthu opitirira zaka 50, anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV, odwala khansa kapena shuga, ndi omwa mankhwala ofooketsa chitetezo. Ku America awerengera kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse adzadwala mashingozi pa moyo wake. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, liwerengera mashingozi pakati pa zizindikiro za gawo lachiwiri la nthenda ya HIV. Chotero mnyamata kapena mtsikana akadwala mashingozi ayenera kuyezetsa magazi. Komabe si onse a mashingozi ali ndi HIV, ndipo nkulakwa kumloza chala munthu chifukwa cha zipsera zake.

Mitsempha ya mitundu iwiri

Kuti nkhaniyi imveke bwino, owerenga adziwe kuti m'thupi muli mitsempha ya mitundu iwiri. Ina njamphako, ndipo m'kati mwake muyenda magazi. Ina iribe mphako. Iri ngati ulusi woyera, ndipo ntchito yake njotumiza mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Munthu akaponda moto, uthenga wa kupweteka ukwera ndi mitsempha imeneyi, ndipo lamulo lakuti phazi lichoke litsika nayo yomweyo. Kachirombo ka mashingozi kamagona ndi kuyenda m'mitsempha ya mauthenga, koma choopsa chachikulu chimadza pamene kadumphira m'mitsempha ya magazi.

Ali yense amene anang'ambapo mutu wa mbuzi anaona kuti ubongo uli ndi kachikopa kopyapyala kokuta, kuti kunja kwake nkotuwa, ndi kuti m'kati mwake nkoyera. Chakunkhongo kuli kaubongo kena kakang'ono, kamene kathandiza kuti nyama iyende mosadzandira. Ubongo wa munthu uli chimodzimodzi. Ndiponso mbali ya kumanzere ya ubongo ilamulira dzanja ndi mwendo wa kumanja, ndipo mbali ya kumanja ilamulira za kumanzere.

Mmene kachirombo kafikira ku ubongo

Kumaso kwa munthu kuli mtsempha waukulu wa mauthenga wa nthambi zitatu mbali iri yonse. Nthambi yoyamba ipita pamphumi, ku diso ndi pamphuno. Yachiwiri ku tsaya. Yachitatu ku chibwano. Nthambi yoyamba ija iri ndi timaulusi tina timene tifika pa mitsempha ikuluikulu ya magazi ya pansi pa ubongo. Kachirombo kakadzuka m'kamfundo ka mtsempha umenewu, kangathe kutsata njira ziwiri: ina yotulukira pakhungu, ina yolowera ku mitsempha ya magaziyo. Kakafika kumeneko kamayamba kudya khoma la mtsempha kuchokera kunja. Khomalo limatupa ndi kukhuthala pang'onopang'ono, njira ya magazi nichepa, kufikira tsiku lina itsekeka. Nthawi zina khoma limafooka, nilifufuma ngati chubu cha njinga chokalamba, ndipo likaphulika magazi amatayikira mu ubongo.

Mlimi wa kudimba adziwa chimene chichitika ngalande ikatsekeka: mbeu za kumunsi kwake zimafota, pamene za mbali zina zikali zobiriwira. Ubongo uli wotero, koma supirira ngati mbeu. Mbali imene yasowa magazi imayamba kufa pa mphindi zowerengeka, ndipo ziwalo zimene mbaliyo ilamulira zimaleka kugwira ntchito. Imeneyi ndiyo nthenda yofa ziwalo, imene ambiri masiku ano amati sitiroko.

Chitsanzo chake ndi ichi. Bambo wa zaka 60 atuluka matuza pamphumi, mbali ya kumanzere, nthawi yokolola. Matuza apola, ndipo iye abwerera ku ntchito zake. Pamene anthu ayamba kusosa m'minda, tsiku lina m'mawa khasu limpulumuka m'dzanja lamanja, mwendo wamanja ulemera, ndipo mau ake samvekanso bwino. Popeza matuza anali kumanzere ndipo ziwalo zafa kumanja, ndiponso papita miyezi, palibe wa pamudzi amene aganiza kuti ziwirizi nza nthenda imodzi. Komatu dokotala akamva za matuza aja, azindikira msanga pofunika kuyang'ana.

Kuti ngozi imeneyi njoona chinatsimikizika ndi mawerengero. Mu 2014 akatswiri a ku London anasindikiza zimene anapeza m'mabuku a chipatala a anthu 6,584 a ku Britain amene anadwala mashingozi ndi sitiroko yomwe. M'masabata 4 oyamba ngozi ya sitiroko inakwera ndi magawo 63 pa 100, ndiko kunena kuti pamene pakadadwala anthu 100 panadwala 163. Ngoziyo inatsika pang'onopang'ono kufikira miyezi 6. Kwa iwo amene matuza anali ku diso, ngozi inaposa katatu pakati pa sabata la 5 ndi la 12. Anapezanso kuti amene analandira mankhwala opha kachiromboka ngozi yao inali yocheperapo.

Mabvuto ena a m'mutu ndi m'msana

Kufa ziwalo si bvuto lokhalo. Alipo ena amene anthu ayenera kuwadziwa.

Loyamba ndi kutupa kwa kachikopa kokuta ubongo. Wodwala amamva litsipa loopsa, thupi limatentha, khosi limauma, ndipo kuwala kwa dzuwa kumamsautsa m'maso.

Lachiwiri ndi kutupa kwa ubongo weniweni. Munthu amasokonezeka, amalankhula zosamveka, saazindikira abale ake, amagona tulo tosadzuka nato msanga, kapena amakomoka ndi kuphupha ngati wa khunyu. Limeneli ligwira makamaka okalamba ndi a chitetezo chochepa.

Lachitatu ndi kutupa kwa mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana. Miyendo imachita dzanzi ndi kufooka, ndipo mkodzo umakanika kutuluka kapena umangotuluka wokha.

Lachinai ndi kupotoka kwa nkhope. Matuza akatuluka m'khutu kapena m'kamwa, mbali yomweyo ya nkhope imalefuka, pakamwa pamakhota, diso silitsinzina, khutu limalira kapena kugontha, ndipo munthu amamva chizungulire. James Ramsay Hunt wa ku America anafotokoza zimenezi mu 1907, ndipo bvutoli litchedwa ndi dzina lake kufikira lero.

Ana nawonso angathe kuona zobvuta atangodwala katsabola. Mwana mmodzi mwa ana ngati 4,000 amatupa kaubongo ka kunkhongo kaja patapita sabata kapena kupitirirapo, nayamba kudzandira ngati woledzera. Ambiri a iwo amachira kotheratu. Ena owerengeka amafa ziwalo za mbali imodzi m'miyezi 12 yotsatira, chifukwa mtsempha wa magazi wa pansi pa ubongo wachepa monga zichitikira akulu.

Makina ojambula m'mutu

Kale dokotala sanali kutha kuona ubongo wa munthu wamoyo. Kuwala kwa X-ray, kumene Wilhelm Röntgen anapeza mu 1895, kuonetsa mafupa bwino, koma ubongo uli wofewa ndipo wabisika m'chigaza. Zinthu zinasintha mu 1971, pamene makina a Godfrey Hounsfield anajambula mutu wa wodwala woyamba pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Makina amenewa atchedwa CT. Amazungulira mutu ndi kuwala kwa X-ray, ndipo kompyuta imasonkhanitsa zonse nionetsa ubongo m'magawo opyapyala, monga mmene mai adulira nkhaka, koma popanda mpeni. Hounsfield analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack, amene anabadwira ku Johannesburg.

Makina achiwiri atchedwa MRI. Amenewa sagwiritsa ntchito X-ray, koma maginito amphamvu ndi mafunde onga a wailesi. Anachokera m'ntchito ya Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield ya m'zaka za m'ma 1970, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2003. MRI ionetsa zinthu zazing'ono zimene CT siziona. M'Malawi muno makina a MRI anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo ndi makina amenewo madokotala anasonyeza mu 2015 kuti ana ambiri amene afa ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo watupa kwambiri.

Wojambulidwa samva kupweteka kuli konse. Amagona pa kama wopapatiza amene alowa m'chibowo cha makina, ndipo ayenera kungokhala chete osagwedezeka. CT imatha pa mphindi zochepa. MRI imatenga ngati theka la ora kapena kupitirira, ndipo imachita phokoso ngati munthu alikukhoma chitsulo. Polowa mu MRI munthu achotse ndalama, makiyi, ndolo ndi foni, ndipo ngati ali ndi chitsulo m'thupi anene. Mai woyembekezera anene asanalowe mu CT. Makinawa sayamwa magazi ndipo sachotsa kanthu m'thupi. Nthawi zina wodwala amabayidwa mankhwala onga utoto m'mtsempha wa pa mkono, kuti mitsempha ya magazi ndi malo otupa zioneke bwino.

Zimene zioneka pa chithunzi

Pa chithunzi cha CT fupa lioneka loyera, madzi aoneka akuda, ndipo ubongo uoneka wotuwa. Magazi amene angotayika kumene aoneka oyera mbuu, kotero kuti CT njabwino pofuna kudziwa msanga ngati mtsempha waphulika. Mbali imene yafa chifukwa chosowa magazi ioneka yakuda kuposa inzake, koma kudako kumachedwa. M'maora oyamba chithunzi chingathe kuoneka chabwinobwino ngakhale munthu wafa kale dzanja ndi mwendo.

MRI iri ndi kajambulidwe kena kamene kaonetsa malo osowa magazi owala mbee pasanapite ora. Pa nthenda ya mashingozi dokotala amayang'ana makamaka zinthu izi.

Choyamba, mawanga a malo akufa. Kawirikawiri sakhala amodzi, koma angapo, ena aakulu ena aang'ono, ena pamwamba ena pakati penipeni pa ubongo. Malo amene akonda kwambiri ndi m'malire, pamene mbali yotuwa ya kunja ikomana ndi mbali yoyera ya m'kati, pakuti pamenepo timitsempha ta magazi tichepa mwadzidzidzi. Mawanga ena amakhala atsopano, ena akale, kusonyeza kuti nthenda yakhala ikudya kwa nthawi.

Chachiwiri, maonekedwe a mitsempha ya magazi. Mtsempha wabwino uli wosalala ngati bango. Mtsempha wodwala uoneka wochepa pena, wofufuma pena, ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, ndipo pena watsekeka osaonekanso. Pa munthu amene anadwala mashingozi a pamphumi, mtsempha woonongeka umakhala mbali yomweyo imene kunali matuza. Utoto uja ukalowa, khoma la mtsempha wotupa limawala, ndipo madokotala akajambulanso patapita miyezi amatha kuona ngati mankhwala agwira ntchito.

Chachitatu, malo otupa. Kachikopa kokuta ubongo kakatupa, nthawi zina kamawala ndi utoto ngati mzere wotsata m'mphepete. Pa kupotoka kwa nkhope, mtsempha wa mauthenga wopita ku nkhope umawala m'kanjira kake ka m'fupa la khutu. Pa kutupa kwa m'msana, banga lowala lioneka m'kati mwa mtsempha waukulu, kawirikawiri molingana ndi pamene panali lamba wa matuza. Pa anthu amene chitetezo chao chatsika kwambiri ndi Edzi, mu ubongo woyera mungaoneke mawanga ambiri obulungira, ndipo makoma a timapanga ta madzi ta pakati pa ubongo angathe kuwala.

Chimene chithunzi sichinena

Mlimi akafika kumunda m'mawa napeza chimanga chathyoledwa, aona kukula kwa chionongeko, koma kuti adziwe ngati ndi nguluwe, anyani kapena mbuzi za mnansi, ayenera kuyang'ana mapazi ndi kufunsa amene anaona. Chithunzi cha ubongo chiri chomwecho. Chionetsa malo oonongeka, koma sichitchula dzina la choononga. Kachirombo nkakang'ono koposa, ndipo palibe CT kapena MRI imene ingakajambule. Mawanga ndi mitsempha yonga mikanda ija ionekanso pa chindoko cha mu ubongo, pa chifuwa chachikulu cha mu ubongo, ndi pa HIV yomwe. Ndiponso anthu ambiri ofa ziwalo sanafe ziwalo chifukwa cha mashingozi: kufufuza kochitika ku Blantyre kumene kunasindikizidwa mu 2016 kunapeza kuti zifukwa zazikulu za sitiroko pakati pa akulu m'Malawi ndizo kuthamanga kwa magazi ndi HIV.

Mu 2008 Maria Nagel, Don Gilden ndi anzao a ku Colorado m'dziko la America anafotokoza za odwala 30 amene kachiromboka kanawaononga mitsempha ya magazi ya mu ubongo. Pa odwala 29 chithunzi chinaonetsa chilema. Kuchokera pa matuza kufikira pa zizindikiro za mu ubongo panali kupita ngati miyezi 4. Ndipo odwala 11 sanatuluke matuza konse. Mawerengero amenewa aphunzitsa zinthu ziwiri: kuti makina athandiza kwambiri pa nthenda ya mitsempha ya magazi, ndi kuti nthawi ya pakati njaitali, yokwanira kuti anthu aiwale.

Chinanso nchakuti chithunzi chabwino sichitanthauza kuti munthu sadwala. Pa kutupa kwa kachikopa kokuta ubongo, ndi pa kudzandira kwa ana a katsabola, chithunzi kawirikawiri sichionetsa kanthu.

Madzi a m'msana

Umboni weniweni upezeka m'madzi oyera amene azungulira ubongo ndi kutsikira m'msana. Dokotala amatenga madzi pang'ono ndi singano chakumunsi kwa msana, pansi pa malo pamene mtsempha waukulu uthera. M'madzimo amafuna kachirombo komweko, kapena zida zimene thupi lapanga polimbana nako. Mwa odwala 30 aja, kachirombo kanapezeka mwa 9 okha, koma zida za thupi zinapezeka mwa 28. Madzi omwewo asonyezanso ngati nthenda iri ina, yofuna mankhwala ena.

Anthu ambiri amaopa singano imeneyi, namanena kuti imapha. Zoona zake nzakuti thupi lipanga madzi otere pafupifupi theka la lita tsiku liri lonse, ndipo otengedwawo abwerera m'malo pa maora ochepa. Amene amwalira atatengedwa madzi kawirikawiri amamwalira ndi nthenda imene anafika nayo, makamaka akafika mochedwa. Abale akakana, dokotala amatsala wongoyerekeza.

Mankhwala alipo

Mankhwala olimbana ndi kachiromboka atchedwa acyclovir. Anapezeka mu 1974 ndi gulu la akatswiri m'mene munali Gertrude Elion, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Pa mashingozi a pakhungu munthu wamkulu amamwa mbulu zake kasanu pa tsiku kwa masiku 7, ndipo zithandiza koposa zikayambidwa pasanathe masiku atatu chitulukire matuza. Nthenda ikafika ku ubongo mbulu sizikwanira. Wodwala agonekedwa m'chipatala nalandira mankhwalawa m'mtsempha pa maora 8 alionse, kwa masiku 10 kufikira 14 kapena kupitirira. Pa nthawi yonseyi thupi lifuna madzi ambiri kuti impso zisabvutike.

Makina ojambula apezeka m'zipatala zazikulu za m'mizinda, ndipo wodwala wa kumudzi amafika kumeneko ndi kalata yochokera ku chipatala cha m'boma lake. Koma dokotala woganizira nthendayi sayembekeza chithunzi kuti ayambe mankhwala. Chotero chipatala cha pafupi ndicho poyambira. Mankhwala amaletsa kachirombo kuononga malo atsopano, koma mbali ya ubongo imene yafa kale siuka, pakuti madzi akatayika saoleka. Chimene chithandiza pambuyo pake ndicho kuphunzitsanso ziwalo tsiku ndi tsiku monga a chipatala alangizira.

Katemera aliponso. Wa katsabola anapangidwa ndi Michiaki Takahashi ku Japan mu 1974, ndipo wa mashingozi wotchedwa Shingrix anabvomerezedwa ku America mu 2017. Ameneyu ateteza anthu oposa 90 mwa 100 alionse obayidwa. M'maiko ambiri a mu Africa akatemera awiriwa sali pa mndandanda wa akatemera aulere, kotero kuti chitetezo chachikulu cha munthu wa kumudzi ndicho kufulumira.

Zoyenera kuchita pamudzi

1. Munthu wa mashingozi apite ku chipatala pasanathe masiku atatu. Matuza akakhala pamphumi, pa chikope, pansonga ya mphuno kapena m'khutu, apite tsiku lomwelo.

2. Asatemere mphini pa matuza, asapakepo phulusa, ndipo asadonthezere mankhwala a zitsamba m'diso, pakuti diso lingafe.

3. Apemphe kuti tsiku ndi malo a matuza zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo bukulo lisungidwe bwino.

4. Kwa miyezi 6 kapena kupitirira, a m'nyumba akhale maso. Litsipa lachilendo, kuuma khosi, kusokonezeka, kukomoka, kukhota pakamwa, kulephera kulankhula, kuona zinthu ziwiriziwiri, kufooka kwa dzanja kapena mwendo, zonsezi nzofuna chipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chizindikiro chikabwera nkuchoka chokha, apitebe.

5. Woperekeza wodwala auze dokotala za matuza aja ngakhale sanafunsidwe, namuonetse zipsera. Ngati wodwala ndi mwana, anene ngati anadwala katsabola m'chaka chimenecho.

6. Wa mashingozi aphimbe matuza ake ndi nsaru yoyera, ndipo asayandikane ndi amai oyembekezera, makanda ndi odwala ena kufikira matuza atauma, chifukwa madzi a m'matuza apatsa katsabola kwa amene sanadwalepo.

7. Mwana wa katsabola asapatsidwe asipirini, chifukwa ingathe kumtupitsa ubongo ndi kumuononga chiwindi, nthenda imene Douglas Reye wa ku Sydney anafotokoza mu 1963. Panado ndiye woyenera.

8. Amene apezeka ndi HIV ayambe ndi kupitiriza ma ARV, amene Boma lakhala likupereka kwaulere kuyambira mu 2004. Akulu ayezetse kuthamanga kwa magazi kawirikawiri.

Mafumu ndi akulu a mipingo angathandize kwambiri pokonzeratu za njinga kapena galimoto yonyamula wodwala, kuti tsiku la tsoka lisathere pa kukambirana. Aphunzitsi afotokozere ana nkhaniyi, pakuti kawirikawiri mwana wa sukulu ndiye amawerengera agogo ake buku la kuchipatala, ndipo ndiye angakumbukire mwezi umene matuza anatuluka.

Mafunso a m'kalasi

1. Kodi kachirombo ka katsabola kamabisala kuti mwana akachira?

2. Chifukwa ninji matuza a pamphumi kumanzere angafooketse dzanja lamanja?

3. Tchulani zinthu ziwiri zimene dokotala amayang'ana pa chithunzi cha MRI.

4. Kodi chithunzi chikaoneka chabwino, ndiye kuti wodwala alibe nthenda?

5. Kodi woperekeza wodwala ayenera kumuuza chiani dokotala?